Zwangendaba: mfumu yomwe idamanga mtundu ili paulendo

Tsiku la msika pa Lufita, pafupi ndi boma la Chitipa, munthu amamva ziyankhulo zambiri pamalo amodzi. Mayi wogulitsa nyemba amatsatsa m'Chilambya, wogula n'kunenerera m'Chindali, wina n'kulowererapo m'Chisukwa kapena m'Chinyiha. Chitumbuka ndi Chichewa sizisowa, ndipo amalonda ochokera ku Tanzania amabwera ndi Chiswahili chawo. Koma mungazungulire msika wonse mpaka dzuwa kulowa osamva anthu akugulitsana malonda m'Chingoni.

Komatu kutsidya kwa malire, m'boma la Nakonde ku Zambia lomwe lidagundana ndi Chitipa, kuli malo otchedwa Nachipeta. Kumeneko ndi komwe Angoni a ku Malawi ndi ku Zambia amaloza mukawafunsa za manda a Zwangendaba Jere, mfumu yomwe idawatsogolera kuchoka ku South Africa zaka zoposa 200 zapitazo.

Ambiri amangolidziwa dzinali kuchokera m'mabuku a sukulu, pamodzi ndi chaka cha 1835. Koma mbiri ya munthuyu ili ndi funso lomwe limakhudza banja lililonse lomwe ana ake akuyankhula chiyankhulo china osati cha agogo awo. Kodi mtundu umagona pati, m'magazi, m'chiyankhulo kapena m'miyambo? Zwangendaba adayankha funsoli mwa njira yakeyake, ndipo njira yakeyo ndi yomwe idakweza Angoni, n'kudzawalandanso china chamtengo wapatali.

Kwawo kudali kumwera

Zwangendaba adabadwa cha m'ma 1780 m'dera lomwe lero ndi kumpoto kwa chigawo cha KwaZulu-Natal, kufupi ndi nyanja ya St Lucia. Adali wa mfunda wa Jere, womwe kwawoko amautchula kuti Jele, ndipo Angoni a ku Mzimba amatchula bambo ake kuti Hlatshwayo. Dzina loti Zwangendaba limachokera ku mawu a chiyankhulo chawo otanthauza kumva ndi nkhani, ngati munthu yemwe mumayamba kumva mbiri yake musadamuone.

Anthu akwawo adali oweta ng'ombe. Ng'ombe ndiyo idali chuma, ndiyo inkakwatitsa mnyamata, ndiyonso inkaperekedwa kwa mizimu ya makolo. Khola linkamangidwa pakati pa mudzi, nyumba n'kulizungulira, ndipo milandu ndi nkhani zikuluzikulu amuna ankakambira pakhola pomwepo. Mwana ankakhala wa kuchimuna, kutenga mfunda wa bambo ake ndi kulowa chuma cha bambo ake.

Pomwe Zwangendaba ankakula, dzikolo lidali pamoto. Akatswiri a mbiri yakale amatchula zifukwa zingapo: kulimbirana msipu ndi minda, chilala choopsa chomwe chidagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, komanso kukanganirana malonda a minyanga ya njovu padoko la Delagoa Bay, pomwe lero pali mzinda wa Maputo. Mafumu amphamvu adayamba kumeza mafumu ang'onoang'ono ndi kusonkhanitsa anyamata m'magulu a nkhondo potengera misinkhu yawo.

Mafumu omwe ankamveka kwambiri adali Zwide wa Andwandwe, Dingiswayo wa Amthethwa ndi Shaka wa Azulu. A Jere adali pansi pa Zwide. Zwangendaba adali mmodzi mwa akuluakulu a nkhondo a mfumuyi, ndipo adakwatira kubanja lake. Zwide atapha Dingiswayo cha m'ma 1817, Shaka adatenga asilikali a malemuwo n'kuwaphatikiza ndi ake. Cha m'ma 1819 adagonjetsa Andwandwe pamtsinje wa Mhlathuze.

Kwa Zwangendaba padatsala njira ziwiri, kugonjera Shaka kapena kusamuka. Iye adasonkhanitsa abale ake, nduna zake, amayi, ana ndi ng'ombe n'kulunjika kumpoto. Sadali yekha. Atsogoleri ena monga Soshangane ndi Nxaba adatenganso njira yomweyo, aliyense ndi gulu lake. Gulu la a Maseko, lomwe lidadzakhazikika ku Ntcheu ndi Dedza pansi pa Gomani, lidayenda palokha ndipo silidali pansi pa Zwangendaba.

Ulendo wopanda kobwerera

Gululi lidadutsa m'dziko la Aswazi, komwe mabanja ena adalowa nawo paulendo, n'kukafika kumwera kwa Mozambique. Kumeneko lidakhala zaka zingapo pakati pa Atsonga, omwe Angoni ankawatchula kuti Athonga. Awa ndi osiyana ndi Atonga a ku Nkhata Bay. Ambiri mwa iwo adatengedwa n'kukhala gawo la gulu la Zwangendaba.

Koma atambala awiri salira m'khola limodzi. Cha m'ma 1831 Zwangendaba adamenyana ndi Soshangane m'dera la mtsinje wa Save ndipo adagonja. Soshangane adatsala kumeneko n'kukhazikitsa ufumu wa Gaza, ndipo anthu ake ndi omwe lero amatchedwa Ashangani. Zwangendaba adakwera kumtunda, m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, komwe adakasokoneza ufumu wakale wa Arozvi.

Kumeneko nako adatenga anthu ambiri a mitundu ya Akaranga ndi Akalanga. Ichi n'chifukwa chake mpaka lero ku Mzimba ndi ku Chipata kuli Angoni a mfunda wa Moyo ndi wa Soko, mayina omwenso mungawapeze ku Zimbabwe. Mayi wina wa gulu lake, Nyamazana, adatsala kumwera kwa Zambezi ndi asilikali ake. Mayiyu ndi yemwe amatchulidwa kuti adapha mambo wa Arozvi, ndipo pambuyo pake adakwatiwa ndi Mzilikazi, mfumu ya Andebele.

Tsiku lomwe dzuwa lidada

Kumapeto kwa chilimwe cha 1835 gululi lidafika pamtsinje wa Zambezi, kufupi ndi Zumbo, pomwe Luangwa amathira m'Zambezi. Idali nyengo yomwe madzi amakhala ataphwera, komabe kuwolotsa amayi, ana ndi ziweto pamtsinje waukulu chotere sichidali chapafupi.

Akuluakulu a Chingoni amasimba za tsikuli mosiyanasiyana. Ena amati mfumuyi idamenya madzi ndi ndodo, mtsinje n'kupereka njira. Ena amati eni dera ndi omwe adawolotsa anthuwo m'mabwato, pomwe ena amati amuna adagwirana manja n'kuwoloka pamalo osaya. Koma onse amagwirizana pa chinthu chimodzi: ali mkati mowoloka, dzuwa lidada masana, kunja n'kuchita mdima.

Kadamsana ameneyu ndi yemwe adathandiza akatswiri kupeza tsiku lenileni. Atawerengera kayendedwe ka dzuwa ndi mwezi adapeza kuti kuderali kudachitika kadamsana pa 20 November 1835, ngakhale mabuku ena amalemba 19 November. Ndi masiku ochepa m'mbiri yakale ya chigawo chino cha Africa omwe amadziwika motsimikizika chotere, poti anthu a nthawiyo sankalemba. Mwa ana omwe adawolotsedwa tsikulo mudali kamnyamata kotchedwa Ntuto, komwe kadadzadziwika ndi dzina loti Mpezeni.

Momwe ankamangira mtundu

Atawoloka, Angoni adakhala zaka zingapo pa Mkoko, m'dziko la Ansenga, lomwe lero lili m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Apa ndi pomwe pamaonekera bwino nzeru yomwe Zwangendaba ankayendetsera anthu ake.

Pankhondo Angoni adali ndi zida ndi njira zomwe mitundu ya kuno idali isadazionepo. Ankanyamula chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe ndi mkondo waufupi wobayira pafupi, osati woponya. Ankazinga mudzi mbandakucha, gulu lina pakati, ena awiri m'mbali ngati nyanga za ng'ombe. Koma chomwe ankafuna kwenikweni sidali minda ya eni mudziwo. Ankafuna ng'ombe, chakudya ndi anthu.

Ana, anyamata ndi atsikana ogwidwa kunkhondo ankagawidwa m'mabanja a Angoni. Ankabooledwa makutu monga chizindikiro choti tsopano ndi a mtunduwo. Mnyamata ankaweta ng'ombe pamodzi ndi ana a eni mudzi, kugona nawo m'laweni, yomwe ndi mphala ya anyamata, ndipo akakula ankalowa gulu la nkhondo la msinkhu wake. Mtsikana ankakulira m'nyumba ya mayi wa Chingoni, n'kudzakwatiwa momwemo, ana ake n'kukhala Angoni.

Chachilendo chidali chakuti wogwidwayo sankakhala wapansi mpaka kalekale. Akaonetsa chamuna pankhondo ankapatsidwa ng'ombe ndi anthu akeake, kumanga mudzi, mwinanso kukhala nduna. Chiwere Ndhlovu, yemwe ufumu wake udakalipo ku Dowa, adali wochokera kwa Ansenga. Ng'onomo Makamo, mkulu wa nkhondo yemwe adadzatchuka kwambiri ku Mzimba, adali wa magazi a Athonga. Asing'anga ndi alauli a Chinsenga nawo adapeza malo aulemu pabwalo la mfumu.

Mwa njira imeneyi kagulu komwe kadathawa Shaka kadakula ngati mtsinje womwe ukulandira timitsinje m'njira. Kukhala Mngoni sikudalinso nkhani ya komwe munthu adabadwira. Kudali kulonjera mfumu imodzi ndi mawu oti Bayethe, kumenya nkhondo m'gulu limodzi, kuvina ingoma, kulowola ndi ng'ombe ndi kutsata malamulo a mudzi wa Chingoni. Eni ake ochokera kumwera, monga a Jere, a Nqumayo, a Thole, a Nzima ndi a Mgomezulu, adakhala ochepa pakati pa khamu lomwe adalisonkhanitsa, ngakhale ulemu waukulu udali wawo.

Ngakhale mayina a midzi ankayenda nawo. Akasamuka, mudzi watsopano unkatenga dzina la wakale, ndipo aliyense ankadziwa mbali yomwe nyumba yake iyenera kukhala poyang'ana khola. Mudzi unkasuntha, koma dongosolo lake silinkasintha.

Kuchoka ku Mabiri kukafika ku Mapupo

Cha m'ma 1840 Zwangendaba adasamukanso. Adadutsa m'midzi ya Achewa ndi Atumbuka n'kukakhala pa Mabiri, m'dera lomwe lero ndi boma la Mzimba. Kumeneko ndi komwe akuti kudabadwira mwana wake Mhlahlo, yemwe adadzadziwika kuti M'mbelwa. Patapita zaka zochepa adanyamukanso kulunjika kumpoto. Akuluakulu amati adamva mbiri ya ng'ombe zofiira za nyanga zitalizitali zomwe zidali kudera la nyanja ya Tanganyika.

Ulendowu udamufikitsa kumtunda wa pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika, komwe adamanga mudzi wake womaliza n'kuutcha Mapupo, kutanthauza maloto. Mabuku ambiri amaika Mapupo m'dziko la Afipa, pomwe Angoni a lero amalozera ku Nachipeta. Kuchoka komwe adabadwira kufika kumeneko ndi mtunda wa makilomita oposa 2,000 mongolunjika, ndipo iye adauyenda mokhotakhota, wapansi, kwa zaka pafupifupi 25.

Zaka zake zomaliza sizidali zamtendere. Ukalamba ndi matenda zitamugwira, adayamba kukayikira anthu ake omwe. Nkhani ya akuluakulu imati alauli ataloza Athonga kuti ndiwo ankamulodza, mfumuyi idalamula kuti ambiri mwa iwo aphedwe, chonsecho adali anthu omwe adayenda nayo kuchokera kumwera kwa Mozambique. Zwangendaba adamwalira ku Mapupo cha m'ma 1848, ngakhale ena amati 1845.

Tsitsi m'mowa

Imfa yake idasiya funso lomwe lidagawa Angoni mpaka lero: ndani alowe ufumu? Pa Chingoni wolowa ufumu sakhala mwana woyamba kubadwa ayi, koma mwana wa m'nyumba yaikulu, yomwe amaitcha indlunkulu. Tsono vuto lidali lakuti nyumba yaikulu ya Zwangendaba idali iti.

Mbewu ya mkanganowu idadzalidwa kale, asadawoloke Zambezi. Nkhani yake imati tsiku lina mfumuyi idapeza tsitsi m'mowa womwe udachokera kunyumba ya mkazi wake wamkulu, Loziwawa, wa kubanja la Zwide. Iyo idatenga zimenezi ngati ufiti ndipo idalamula kuti mudzi wa mayiyo uwonongedwe. M'nyumba imeneyo mudalinso m'bale wa Loziwawa, Soseya, yemwe padali pano adali woyembekezera. Nduna yomwe idatumidwa idamumvera chisoni n'kumubisa. Mwana yemwe adabadwa ndiye Mpezeni, ndipo mtima wa mfumu utatsika adamuonetsa kwa bambo ake.

Angoni a ku Chipata amati mfumu itakhululuka, ulemu wa nyumbayo udabwerera, choncho Mpezeni ndiye adali woyenera. Angoni a ku Mzimba amati ulemuwo udali utasamukira kale kunyumba ya Munene, mayi a M'mbelwa. Mbali iliyonse ili ndi akuluakulu ake oikira umboni, ndipo mbali iliyonse idatsala ndi mfumu yake yaikulu.

Pomwe bambo awo ankamwalira, anawo adali asadakhwime. Ntabeni, m'bale wa malemuwo, adagwirizira ufumu, kenako Mgayi, koma awiriwa sankamwerana madzi. Patapita zaka zochepa mtundu womwe Zwangendaba adaumanga udasweka. Otsatira Ntabeni adalowera kumpoto, kufupi ndi nyanja ya Victoria, komwe adadziwika kuti Atuta. Zulu Gama adatsogolera ena kupita ku Songea, kumwera kwa Tanzania. Mpezeni adazungulira kudzera kumalire a dziko la Abemba mpaka kukakhazikika ku Chipata cha m'ma 1870.

Gulu lalikulu lidabwerera kumwera. Cha m'ma 1855 lidafika pa Ng'onga, m'chigwa cha Henga, komwe M'mbelwa adalongedwa ufumu, m'bale wake Mtwalo atalolera kuti zitero. Mpherembe, mwana winanso wa Zwangendaba, adayamba wayenda payekha koma pambuyo pake adadzakhala pafupi ndi abale akewa. Chiwere Ndhlovu naye adapatuka n'kukamanga ufumu wake ku Dowa.

Misozi ya mitundu ina

Mbiri ya Zwangendaba siingakambidwe mbali imodzi yokha, makamaka kwa anthu a ku Chitipa, Karonga, Rumphi ndi Nkhata Bay. Mngoni aliyense yemwe adalowa mtunduwo pogwidwa adasiya mayi akulira kwinakwake. Midzi idatenthedwa, nkhokwe zidakhuthulidwa, akuluakulu ambiri adaphedwa.

M'dera la pakati pa nyanja ziwirizi, komwe kumakhala Alambya, Anyiha, Anamwanga, Asukwa ndi Andali, anthu adayamba kumanga midzi ya m'malinga ndipo ena adathawira kumapiri. Mantha a Angoni adadzaphatikizana ndi a Abemba komanso a ogula akapolo, moti azungu omwe adafika kuderali m'zaka za m'ma 1880 adapeza anthu ambiri akukhala motsekeredwa m'malingamo. Ku Rumphi ufumu wa Chikulamayembe udagwetsedwa, ndipo udadzadzutsidwanso m'chaka cha 1907.

Si onse ogwidwa omwe adakhutira ndi Ungoni wopatsidwawo. Cha m'ma 1875 Atonga ambiri adathawa kubwerera kwawo kunyanja ndipo adagonjetsa asilikali omwe adawalondola ku Chintheche. Ahenga nawo adagalukira, ena mwa iwo n'kukathera ku Karonga. Cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe adathawira paphiri la Hora, komwe adazingidwa ndipo ambiri adaphedwa. Ku Tanzania mitundu ngati Asangu ndi Ahehe idaphunzira kumenya nkhondo ya Chingoni kuti idziteteze, ndipo nayonso idasanduka yoopsa kwa anansi ake.

Chiyankhulo chidapita kuti?

M'chaka cha 1878 amishoni a Livingstonia atafika koyamba m'midzi ya Angoni a kumpoto, yemwe adawatsegulira njira adali William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa. Ankamvana ndi mafumu popanda womasulira kaamba koti Chingoni, Chizulu ndi Chixhosa n'zapachibale. Koyi adakhazikika pa Njuyu m'chaka cha 1882 ndipo adamwalira komweko mu 1886. Dr Walter Elmslie, yemwe adagwira naye ntchito, adasindikiza buku la malamulo a chiyankhulo cha Chingoni mu 1891, chaka chomwe M'mbelwa woyamba adamwalira.

Komatu nthawi imeneyo n'kuti chiyankhulocho chitayamba kale kuzilala. Chomwe chidachimaliza si boma la atsamunda kapena lamulo la munthu wina. Idali njira yomwe ija ya Zwangendaba. Amuna a Chingoni adakwatira amayi a Chitumbuka, Chinsenga ndi Chichewa ochuluka zedi. Bambo ankakhala kukhola, kubwalo kapena kunkhondo, pomwe mwana ankakhala kumsana kwa mayi ake, kumtondo, kudambo ndi pamoto wophikira. Mawu oyamba omwe ankamva adali a mayi ake.

Mabanja a eni mtundu adayesetsa kutchinga. Mwana akasiya kuyamwa ankamutumiza kunyumba ya agogo ake a kuchimuna kuti akaphunzire khalidwe ndi mayankhulidwe a Chingoni. Margaret Read, mayi wa ku Britain yemwe adachita kafukufuku pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, adalemba za mwambo umenewu. Koma agogo odziwa Chingoni adali ochepa, ndipo m'badwo uliwonse ankacheperachepera. Amishoni ataona kuti anthu ambiri akuyankhula Chitumbuka, sukulu ndi maulaliki zidatsata komweko.

Lero Angoni a ku Mzimba amayankhula Chitumbuka, a ku Chipata amayankhula Chinsenga ndi Chinyanja, pomwe a ku Mchinji, Dowa, Dedza ndi Ntcheu amayankhula Chichewa. Chingoni chidatsalira m'nyimbo za ingoma, m'mawu otamanda mafumu, m'nyimbo zina za mpingo zomwe adapeka anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole, komanso pakamwa pa akuluakulu ena m'madera ngati kwa Mpherembe. Mu 1998 ku Mzuzu kudakhazikitsidwa bungwe la Abenguni Revival Association ndi cholinga chophunzitsanso anthu chiyankhulochi, chizindikiro choti eni ake adamva kuwawa kwa chomwe adataya.

Zomwe zidatsala

Mphamvu ya mkondo nayo idatha. Mu 1896 asilikali a Britain adagwira ndi kupha Gomani woyamba wa Angoni a Maseko. Kumayambiriro kwa 1898 adagonjetsa Angoni a Mpezeni, n'kupha mwana wake Nsingo yemwe ankatsogolera nkhondoyo, komanso kulanda ng'ombe zambirimbiri. Angoni a ku Mzimba adalowa pansi pa boma la atsamunda mu 1904 pokambirana ndi Alfred Sharpe, popanda kuombana mfuti.

Koma mtundu sudathe. Munthu woyenda m'boma la Mzimba amawerenga mbiri ya ulendo uja pazikwangwani za m'misewu: Ekwendeni, Embangweni, Edingeni, Engalaweni, Emcisweni, Enukweni, Ezondweni. Ufumu wa Inkosi ya Makosi M'mbelwa udakalipo, chimodzimodzi wa Mpezeni ku Zambia. Malowolo a ng'ombe ndi kutsata kuchimuna zidazika mizu moti ngakhale mabanja ambiri omwe si Angoni adazitengera. Ingoma ya ku Mzimba imavinidwabe popanda ng'oma, amuna kuponda pansi mwamphamvu ndi zishango m'manja, amayi kuomba m'manja ndi kuthira mang'ombe.

Mwambo wa Nc'wala, womwe mfumu imalawa zakumunda zoyamba kucha anthu asadayambe kudya, udasiya kuchitika Mpezeni atagonja koma udadzutsidwanso mu 1980, ndipo umachitikira pa Mtenguleni pafupi ndi Chipata m'mwezi wa February. Ku Mzimba mwambo wa Umthetho udayamba mu 2008 ndipo umachitika mu August patsinde pa phiri la Hora, phiri lomwe lija la Baza Dokowe. Pakati pa ovina pamenepo pamakhala zidzukulu za omwe adazinga phirilo ndi zidzukulu za omwe adazingidwa, onse atavala zikopa ndi nthenga, onse akudzitcha Angoni.

Mbiri yonseyi idasungika kaamba koti padapezeka anthu oilemba akuluakulu asadathe. Mmodzi mwa iwo adali mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, yemwe adasonkhanitsa nkhani za makolo, ndipo buku lake lidatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi mutu woti My Ngoni of Nyasaland. Mitundu yomwe ilibe oilembera chotere imataya mbiri yake pamaliro a nkhalamba iliyonse.

Kwa ena Zwangendaba ndi tate wa mtundu, munthu yemwe adatenga anthu othawa nkhondo n'kuwasandutsa ufumu womwe nthambi zake zili m'maiko atatu, Malawi, Zambia ndi Tanzania. Kwa ena ndi dzina lomwe makolo awo ankalimva n'kuthawira kuphiri. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo m'mabanja ambiri a dziko lino magazi a mbali ziwirizi adasakanikirana kale moti palibe angawalekanitse.

Chomwe mbiri yake ikuonetsa n'chakuti mfumu yomwe idagonjetsa mitundu kuchokera ku Save mpaka kufupi ndi nyanja ya Tanganyika idatha kupatsa anthu mfunda, malamulo, magule ndi mayina a midzi, koma chiyankhulo cha zidzukulu zake chidagamulidwa ndi amayi omwe idawagwira kunkhondo. Nkhani imeneyi si ya Angoni okha. Pa Lufita pomwe, komwe bambo wa Chilambya amatha kukwatira mayi wa Chitumbuka ana n'kumasewera m'Chichewa, Chilambya, Chisukwa, Chindali ndi Chinyiha zikumvekabe pamsika lero chifukwa pali makolo omwe akuyankhulabe ndi ana awo m'ziyankhulozi madzulo pakhomo. Tsiku lomwe adzaleke, nazonso zidzatsalira m'nyimbo ndi m'mayina a midzi, monga chidachitira chiyankhulo cha mfumu yomwe idagona kutsidya kwa malire, ku Nachipeta.